Mayi wa masuku pa chisankho cha komiti ya nkhalango

Mayi wogulitsa masuku pamsewu wa ku Chalimbana sayenda, amachita kuguba. Akapeza chitsa cha msuku m'nkhalango ya boma, amachiyang'anitsitsa ngati manda a m'bale wake, kenako amakakalipira owotcha makala, kuyambira mwamuna wake yemwe.

Chaka chino cha 1996 a zankhalango anabwera kudzafuna anthu a m'midzi oti aziwalangiza. Posankha, aliyense amaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Mayiyu anakaima pakati pa amuna opikisana nawo, osacheuka.

Kumbuyo kwake wina anatsokomola, chifuwa chodziwika cha utsi wa makala.

"Atate a Kondani, mwasochera?" anafunsa osatembenuka.

"Iyayi, nifuna kugona m'nyumba lero," anayankha mwamuna wakeyo.

"Imani bwino. Nkhwangwa yanu ija yodulira mitengo muzanipasa mawa."