Pakati pa 64 ndi 127

Mukafika pa Nsanje n'kufunsa za a Geresomo, anthu ayamba akanda kaye m'mutu. Koma mungoti "a madzi aja," ngakhale wa kabaza akulozerani. Ndi bambo wamtali, wowonda, wa chipewa cha mlaza, amene m'mawa uliwonse amatsetsereka panjinga kupita ku Shire kukawerenga ndodo. Ndodoyo ndi yachitsulo, yolembedwa manambala, yozikidwa m'mphepete mwa mtsinje. Iwo amaona pamene madzi alekeza, n'kulemba m'kabuku, n'kubwerera ku kaofesi ka bungwe lina loona za kusefukira kwa madzi. Kumeneko amaika nambalayo pa tsamba la pa intaneti, kuti aliyense wa foni adziwe ngati mtsinje ukukwera. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano, ntchito ndi yomweyo.

Mu kaofesimo ali okha. Anzawo awiri anawasamutsira ku Chikwawa, munatsala iwo, makompyuta atatu, ndi fani imene ntchito yake n'kungotakasa mpweya wotentha. Kunyumba nakonso ali okha. Mkazi wawo Clotilda anamwalira chaka cha namondwe uja, pa sukulu pamene anthu anathawira, iwo ali kumtsinje kutumiza manambala ola lililonse. Manambalawo anapulumutsa anthu ambiri, zimenezo palibe angakane. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Hilario, amene anagwira dzanja la mayi ake mpaka kumapeto, za anthu ambiriwo sanafune kuzimva. Pochokera kumanda anati, "Baba, kwatirani mtsinje wanuwo." Iwonso mtima utatentha anayankha mawu amene akuwadyabe mpaka lero: "Ukatuluka pano usadzabwerenso." Hilario anakwera bwato n'kuwoloka. Amati ali ku Tete, ku Mozambique, kwa abale a mayi ake. Nambala ya foni anasintha.

Tsono pali manambala ena, ndipo nkhani yagona pamenepo. Foni kapena kompyuta iliyonse ikatsegula tsamba imasiya adiresi yake, manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Mabwana a ku Blantyre anaphunzitsa a Geresomo kuyang'ana mndandanda wa maadiresiwo Lolemba lililonse, kuti aone ngati pali akathyali ofuna kuwononga tsamba. Kampani iliyonse ya mafoni ili ndi chigawo chake cha maadiresi, chokhala ndi malire ngati munda: kuyambira apa, kulekeza apa. Iwo analemba malirewo pa katoni ya sopo n'kuikhoma pakhoma. Adiresi ikabwera amayendetsa chala pa katonipo, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka aipezere kwawo. Ntchito yake ndi yogonetsa, makamaka mu Okotobala malata akamalira ndi dzuwa.

Lolemba lina, patatha miyezi isanu ndi itatu Hilario atapita, anaona adiresi yachilendo. Inatsegula tsamba Lamulungu, nthawi itangopitirira 12 koloko masana. Anayendetsa chala m'mizere ya makampani a kuno, sinapezeke. Anatsikira mzere wa pansi, wa kampani ya ku Mozambique. Nambala yoyamba, yofanana. Yachiwiri, yofanana. Yachitatu imayenera kukhala pakati pa 64 ndi 127, ndipo inali 93. Mayo ine! Munthu wamkulu anakhala pa mpando thasa. Ndani ku Mozambique angafune kudziwa za madzi a pa Nsanje, Lamulungu potuluka m'tchalitchi? Komanso tsambali anathandiza kulikonza ndi Hilario yemweyo, ngakhale mtundu wabuluu uli pamwambawo anasankha ndi iye.

Lamulungu lotsatira inabweranso, 101. Linalo 77. Nambala imasinthasintha, poti za mafoni sizikhazikika, koma malire sinadumphepo. A Geresomo anayamba kulikonda Lolemba kuposa Khirisimasi. Amafika ku ofesi mlonda wa pa sitolo yoyandikana asanaweruke, malaya ositidwa, ngati akukalandira mlendo pa depoti.

M'munsi mwa nambala ya madzi muli kabokosi kolembamo chenjezo. Loweruka lililonse anayamba kuwonjezeramo kamzere kamodzi kopanda dzina. "Mango a kuseri kwa nyumba apsa." Sabata ina, "Denga la chipinda cha kum'mawa ndakonza, silikudonthanso." Ina, "Kumanda ndalambula." Mabwana aja sanaone kanthu, iwo maso awo amathera pa nambala. Chaka chachiwiri analimba mtima. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso, thukuta lili chuchuchu: "Mawu aja ndinalakwa. Khomo ndi lotsegula." Lolemba adiresi inalipo, 88. Wawerenga! Tsiku limenelo anagula mlamba waukulu kugombe n'kuphika ndiwo za anthu awiri. Anadya okha masiku atatu.

Nkhaniyi sanauzepo munthu. Akanauza yani? Kutchalitchi amakhala benchi ya kumbuyo, kumaliro amakhala chete ndi chipewa pabondo, ndipo anthu akawapatsa moni funso limakhala limodzi: madzi ali pati lero?

Lamulungu lina mu Januwale mvula inagwa kwambiri kumtunda, ndiye atatuluka m'tchalitchi anapita kukaonanso ndodo kachiwiri. Pa doko panali mayi wina wa cha kwa Malemia, dzina lake Mabel, akudikira bwato ndi khasu, mpoto ndi mtolo wa mbewu ya mbatata. Iyeyo amalima dimba pa chilumba ndipo amakhala komweko sabata yathunthu.

"Muli tani, baba a madzi?" anapereka moni m'Chisena, akugwada pang'ono. "Lero ndaona mwini wake ndi maso. Ine tsamba lanu lija sindiphonya. Lamulungu lililonse ndikaweruka ku mapemphero ndimaona kaye, ndisanawoloke."

A Geresomo anathokoza. Kenako anayang'ana kafoni kosweka galasi kali m'manja mwa mayiyo.

"Mayi, layini yanu ndi ya kampani iti?"

Mabel anaseka. "Iii, baba, kwathu kugombe ya kuno imagwira? Mpaka ukwere pachulu! Tonse timagwiritsa ya kutsidya, ya ku Mozambique. Taonani." Anatsegula tsambalo pomwepo, mtundu wabuluu uja n'kutulukira. A Geresomo anayang'ana wotchi: mphindi makumi anayi kupitirira 12 koloko.

Musaganize kuti zimenezi samazidziwa. Munthu wobadwira m'mbali mwa Shire, amene azakhali ake omwe ali ndi layini ya kutsidya, angalephere kudziwa? Amadziwa bwino lomwe. Kungoti kwa zaka ziwiri mtima sunalole kuti mutu ukumbukire.

Mabel anatsitsa mawu. "Tija mumalemba m'munsi tija ndimawerenganso, mundikhululukire. Tsiku la khomo lotsegula lija ndinalira ndekha m'bwato, anthu kumandidabwa. Kodi anabwera?"

"Sanabwere, mayi."

"Pepani, baba." Bwato linafika, anasenza katundu wake. "Takhuta, zikomo kwambiri chifukwa cha madziwo. Chaka chatha munandipulumutsira chimanga."

Iwo anaima pa dokopo mpaka bwato linalowa m'mabango. Ndodo anaiwala kuwerenga, anachita kubwerera ali kale pa msewu.

Lolemba anafika mochedwa, malaya osasita. Anatsegula mndandanda akupemphera chamumtima kuti apeze maadiresi awiri a kutsidya. Inalipo imodzi yokha, mphindi makumi anayi kupitirira 12 koloko, nambala yachitatu 112. Chala chinapita chokha pa katoni. Inali m'kati mwa malire, monga mwa masiku onse. Anazimitsa fani, n'kukhala m'kutenthamo, n'kulira misozi imene sanalire pa maliro a Clotilda. Panalibe wowamva, kunja wa kabaza amangoliza belu.

Sabata imeneyo madzi anakwera zala zinayi, kenako chikhatho chathunthu. Loweruka anakhala kutsogolo kwa kabokosi kaja nthawi yaitali. Analemba: "Olima pa chilumba, madzi akubwera, musagone kutsidya sabata ino." Uthenga umenewo ndiwo unali ndi wouwerenga wotsimikizika. Anati atseke, koma dzanja linakana. Anatenga pensulo n'kuwerengera pakona pa katoni ya sopo ija: kuchokera pa 64 kufika pa 127 ndi magulu 64, gulu lililonse maadiresi 256. Onse pamodzi 16,384. Mayi Mabel pa Lamulungu amangotengapo imodzi.

Mukawapeza lero akadali pomwepo, m'mawa kumtsinje, masana mu kaofesi. Tsitsi layera, katoni yachita kufiira ndi chala pa mzere wa pansi uja. Tsegulani tsambalo Loweruka lililonse, mupeza nambala ya madzi, chenjezo la anthu a kudimba, ndipo pansi penipeni kamzere kamodzi kopanda dzina. Ka sabata yathayi kanati: "Mango apsanso. Ndakusungira a mtengo uja unabzala ndi amayi ako."