Azimai a Pamkuyu ndi a Pakalavati

Mwana wanga woyamba anabadwa atate ake ali ku migodi ya ku Mufulila. Anapita mimba yanga isanaoneke bwino, n'kundisiya m'manja mwa amai awo ku Nyimba, m'mbali mwa msewu waukulu wochokela ku Lusaka. Zinali zaka za Chitaganya, pamene aliyense wotsika basi ankabwela ndi nkhani yake: uku amanga anthu, uku aponya miyala, uku apolisi abalalitsa msika ndi zibonga. Ine ndinali mlendo. Kwathu ndi cha ku Katete, Chinsenga ndinkangochitola apa ndi apo, ndipo chuma changa chonse chinali satifiketi ya uphunzitsi ya ku koleji ya mishoni, imene inkagona pansi pa sutukesi chifukwa ntchito ndinali nditaisiya ndi mimba ija.

Ndinene zoona, ndinali mai wamantha. Mwana akagona nthawi yaitali ndinkamudzutsa kuti ndione ngati akupuma. Akalila ndinkada nkhawa, akakhala chete nkhawa inkakulilakulila. Madzi omusambitsa ndinkayamba ndawawilitsa monga anatiphunzitsila, apongozi anga n'kumangondiyang'ana, mutu uli pambali, ngati akuona munthu akuphika mwala.

Koma mantha aakulu anali ena, ndipo sindinkawatchula. Kwathu, ngakhalenso kwa Ansenga, khanda limabadwa lozizila. Limakhala lotelo kufikila makolo ake atalitenga, ndiye kuti atabwelelanso pamphasa imodzi monga banja, mwa mwambo wake. Zisanachitike zimenezi, munthu wotentha, amene akukhalila limodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake masiku amenewo, sayenela kuligwila. Akaligwila, amati limatupa mapazi ndi masaya, n'kuyamba chifuwa, n'kumangofota. Matendawo timati tsempho.

Ku koleji tinkaziseka zimenezi. Anatiphunzitsa kuti kutupa kwa ana kumabwela chifukwa cha kupelewela kwa chakudya, ndipo ndinalemba yankho limenelo pa mayeso n'kukhoza. Kungoti mayesowo ndinalemba ndilibe mwana. Tsopano ndinali naye, wosatengedwa, ndipo woti amutenge anali kutali. Mankhwala otetezela mwana wotele analipo, koma apongozi anali a gulu la azimai a mpingo, za mizu sankafuna kuzimva, ndipo ine ndi satifiketi yanga ndikanayamba ndi mawu ati powapempha? Ndiye ndinangosankha kubisala. Munthu akati odi, ine ndi mwana tinkalowa kuchipinda.

Lachinayi lililonse masana, azimai a m'delalo ankasonkhana pamsewu kupemphelela mtendele. Misonkhano inkafuna chilolezo cha boma, koma kuimilila chete palibe amene akanakuletsa. Ankafika a mipingo yonse. Poyamba aliyense ankatchula malo amene kuli munthu wake, wina Mufulila, wina Wanki, wina Halale, wina kundende. Akatelo onse ankatseka pakamwa, osalankhulanso kufikila basi ya ku Lusaka itadutsa. Ikachedwa, nawonso ankachedwa. Ikadutsa ankaimba nyimbo imodzi, wina n'kupemphela, n'kumwazikana. Malo a mwamuna wanga ankawatchula ndi apongozi.

Lachitatu lina kunagwa malilo kwa abale awo ku Kacholola. Akumanga kathumba kawo anati, “Amake mwana, mailo ni Chinayi. Mukaimilile nyumba ino.”

“Amai, mwanayu akali wamng'ono.”

“Nanga pamsewu paja pali nkhalamba zokha? Mwana wangu asasowe womutchula. Lomba ine napita.”

Sindinagone bwino. Kusapita kunali kusiya mwamuna wanga wosatchulidwa sabata imene anthu ankati ku migodi kwavuta. Kupita kunali kulowetsa mwana pakati pa manja ambilimbili, chifukwa mai aliyense akaona khanda manja ake amanyamuka okha. Ndinamumanga kutsogolo, pachifuwa, ndi zitenje ziwili, n'kumuveka kachipewa kaubweya kamene ndinaluka ndekha, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo.

Ndinafika mochedwa, akutchula kale malo. Ndinaona kuti azimaiwo aima magulu awili. Ambili anali pansi pa mkuyu waukulu. Ena, ochepelapo, anali poteloko, pa kalavati, pamene madzi amadutsa pansi pa msewu. Ndili chiimile osadziwa kolowela, ndinamva wina wa pakalavati akutchula malo m'Chichewa chenicheni cha kwathu. Mtima unati myaa. Ndinaganiza kuti basi, eni dziko ali pamkuyu, ife obwela malo athu ndi apa. Ndinapita n'kuima pakati pawo, n'kutchula Mufulila, ndipo chete anayamba.

Nthawi yomweyo mai amene anali kumanja kwanga anasuntha. Wa kumanzele nayenso anasuntha. Posakhalitsa ndinali ndekha pakati, ngati chitsa m'munda wolimidwa. Onse anaika manja kumbuyo. Wina ankanditong'olela maso, wina akuloza ndi mlomo kumkuyu. Ndinati mumtima, kodi ndawalakwila chiyani? Kapena amva kuti ndine wa sukulu, akuti ndimanyada?

Kumkuyu kuja kunali mai wina wamkulu thupi, amene ndinkamuona akugulitsa nthochi pamalo oima basi. Ameneyo ndiye ankachita ngati akuthamangitsa nkhuku m'dimba. Ankakupiza chitenje, kundikodola, kumenya ntchafu, koma pakamwa ali chitsekele chifukwa lamulo linali lamulo. Ine ndinayang'ana pansi, ndikuti mwina ndi wodwala mutu.

Kenaka mwana anapukusa mutu, kachipewa kaja n'kugwela m'fumbi. Ndi mmene ndinamumangila sindikanatha kuwelama. Azimai onse aja anakayang'ana kachipewako. Palibe anatola. Wina anachita kubwelela m'mbuyo ngati kaluma. Apo misozi inalengeza. Ndinaiwala za mtendele, ndinaiwala za Mufulila, pemphelo langa linali loti basi ibwele ndizipita. Ndipo tsiku limenelo basi inachedwa.

Itadutsa ndi fumbi lake, anaimba nyimbo mothamanga kuposa mmene ndinaimvela nthawi ina iliyonse. Wopemphela nayenso anadula. Amen asanathe bwino, pamsewu ponse panaphulika phwete.

Mai wa nthochi anafika akuthamanga, akupuma mwa befu. “Amistilesi! Mwanifyola msana na kukodola! Kansi maso mulije?”

“Pepani amai, sindinadziwe kuti mukuitana ine.”

“Nanga nenze kuitana basi? Mwana uyu atate wake amuona?”

“Iai.”

“Lomba mwaima tyani pakati pa moto?”

Mai wa Chichewa uja ndiye anandimasulila, akupukuta misozi ya kuseka ndi phewa, manja ali kumbuyobe. “Achemwali, ife kuno amuna athu ali pakhomo. Timadzapemphelela alongo athu ndi ana athu. Kumkuyu kuja ndi kwa amene amuna awo ali kutali, ndi amasiye, ndi agogo. Makanda osatengedwa amapita kumeneko. Inu kungofika n'kudzatiika mwana pamphuno! Ine thukuta lonseli si dzuwa ai.”

“Ndi chipewa chomwe tinachiopa,” anatelo wina.

Mai wa nthochi anatola kachipewa, kukakung'untha, n'kutambasula manja. Ine ndinamufumbatila mwana pachifuwa. Anaona, n'kuseka mpaka m'mimba kugwedezeka.

“Mukuyopa ine? Wangu ali ku Wanki, mvula zapita na kupita. Nikagona nikumbatila mthiko. M'dziko lonse lino mulije munthu wozizila kupambana ine. Letani kuno.”

Ndinamasula zitenje zija. Kanali koyamba kuti munthu wina, kupatula ine ndi apongozi, anyamule mwana wanga. Mapewa anga anapepuka mwakuti ndinazindikila kuti chibadwile mwanayo ndinali ndisanawatsitse.

Apongozi atabwela anapeza nkhani yafika kale kunyumba. “Nanga nikanakuuzani chinji?” anatelo. “Chinthu chodziwa na mbuzi zonse?” Anaseka mpaka kukhala pansi.

Kuyambila pamenepo Lachinayi linasanduka tsiku langa. Sabata yonse ndinkakhala wobisala, koma pansi pa mkuyu mwana ankayenda m'manja, ine manja anga ali lende. Chete uja ndinayamba kumukonda. Unkamva njiwa, belu la njinga kutali, mwana wa wina akuyamwa. Unkadziwa kuti mai ali pambali pakoyu nayenso khutu lake lili kumsewu, nayenso akuopa chimene ukuopa, ndipo panalibe chifukwa chokambilana. Sindidziwa ngati mapemphelo athu ankafika kwa akuluakulu a Chitaganya. Chimene ndidziwa n'chakuti ndinkabwelako ndikutha kudya.

Mantha sanathe onse. Tsiku lina m'mawa ndinaona mapazi a mwana ngati atupa. Ndinathamangila kwa apongozi ndikulila, ndikuwelenga mumtima onse amene anamugwila. Iwo anadina phazi ndi chala, kuyang'ana, kudinanso.

“Amake mwana, uku ni kunenepa.”

“Koma amai, taonani apa.”

“Naona. Na apa, na apa, na kumatako. Mwana watupa na mkaka. Mufuna aonde kuti mukondwe?”

Pamsewu paja tinalinso ndi njila yathu yodziwila mmene dziko likuyendela, yosafuna wailesi. Mwamuna wa wina akabwela, Lachinayi lotsatila mkaziyo ankafika mwakachetechete, maso pansi, n'kulunjika pakalavati. Chete asanayambe tinkamuimbila nthungululu mpaka afunde chitenje kumutu. Zinthu zikavuta kumkuyu kunkadzaza, zikapepuka mthunzi unkatsala wambili.

Ndiye Lachinayi lina tinangoona mai wa nthochi akubwela ndi duku latsopano, akuyenda monyang'wa, n'kutidutsa osatiyang'ana. Pamkuyu panaphulika.

“Mthiko uja mwautaya?”

“Nausungila imwe!” anayankha ali pakalavati.

Mwana wanga anali atamuzolowela. Anatambasula timanja akulila, mai uja n'kuika manja kumbuyo, akumusekelela chapatali. “Pepa, mwamuna wangu,” anatelo, poti ankamutcha mwamuna wake. “Nakusiya ukwati. Uza atate wako abwele msanga.” Ndinaseka nawo, koma pobwelela kunyumba funso linali limodzi. Wake wabwela. Wanga bwanji?

Anabwela mvula itayamba kugunda chakum'mawa. Tinali chiimile, chete ali pakati, basi n'kutulukila. M'malo modutsa inaima pafupi ndi mkuyu. Anatsika munthu woonda, wa chipewa cha khonde ndi sutukesi yathabwa. Ndinamudziwa ndi kayendedwe. Lamulo la chete ndinaliswa ndine, ndipo palibe anandidzudzula.

Iye anaponya sutukesi pansi, maso ali pa mwana amene anali asanamuonepo, n'kubwela manja ali tambasu. Pamenepo mkuyu wonse unakuwa ngati munthu mmodzi.

“Iai!”

Anaima ngati wawombedwa ndi mphenzi. Apongozi anali atalowa kale pakati, chitenje atamangila m'chiuno.

“Amama, ni mwana wangu!”

“Nikudziwa. Muone na maso.”

“Amama, ine nine wa mpingo. Ku migodi nenze kugona na Baibo.”

“Onse otsika basi iyi akugona na Baibo!” anakuwa mai wa nthochi ali pakalavati. “Alamu, manja kumbuyo! Za ku Mufulila tilije mboni!”

Ngakhale dalaivala anaseka. Mwamuna wanga anayang'ana amai ake, kuyang'ana ine, kuyang'ana khamu lonse la azimai, n'kuvula chipewa, n'kuika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamzele. Anawelama chotelo, nkhope yake pafupi ndi ya mwana koma osakhudza. Mwana anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka n'kumuyetsemulila. Bambo wamkulu misozi inatsika, alibe ndi dzanja lomwe loipukutila. Tsiku limenelo nyimbo tinaimba mosokoneza, ena akulila, ena akuseka.

Za mwambo wa kunyumba sindilemba. Apongozi anandilangiza zoyenela, mwa mawu ochepa, akuyang'ana kudenga, ndipo mwana anatengedwa.

Lachinayi lotsatila ndinavala bwino, mwana ndinamubeleka kumbuyo ndi chitenje chimodzi, wopanda chipewa. Ndinayesa kudutsa mkuyu mwaulemu monga mphunzitsi, koma nthungululu zinandipeza ndisanafike pakati. Ndinafunda chitenje kumutu ngati anzanga onse. Pakalavati mai wa nthochi anali atatambasula kale manja.

“Letani mwamuna wangu! Lelo nimupsompsone mpaka akhute!”

Anamulanda ndisanamalize kumasula. Kuchoka apo anapita kwa mai wa Chichewa uja, amene anati wakhala akulakalaka masaya amenewa chiyambile tsiku la chipewa, kenaka kwa wina, kenaka kwa wina, mpaka sindinkadziwanso ali ndi yani. Ndinadzipeza ndikuyang'ana mapazi ake akamadutsa, chizolowezi sichitha tsiku limodzi, koma ndinaima pamalo panga osamutsatila.

Nthawi yotchula malo itakwana ndinasowa chonena, poti wanga anali kunyumba akukonza njinga. Kumkuyu kunali mtsikana wina amene anali atangoyamba kubwela, khanda lili pachifuwa, atalimanga zolimba. Anatchula Halale ndi mawu aang'ono. Itafika nthawi yanga ndinatchula Halale nanenso, ndipo tinatseka pakamwa kudikila basi.