Bulaki wamela chipewa

Muli bwanji ana anga nonse kumeneko.

Ndiulule uchitsilu wanga. Zilembo zosakanikilana zija za m'nyuzipepa, zimene anthu amafunamo mawu obisika, ine ndinkayesa kuti wotaipa analedzela. Ndinkamumvela chisoni mpaka lelo.

Anditsegula maso ndi aMadamu Mulenga, aphunzitsi aja a ku Kitwe amene akhala pafupi nafe. Mailo kusukulu kudzabwela akuluakulu a zamaphunzilo kudzaona kaphunzitsidwe kawo, ndiye anafuna masewela a zilembowo akhale m'maonekedwe a ng'ombe. Akuti umajambula chithunzi, kompyuta imadula m'mphepete, n'kudzaza zilembo mkati.

Ndinawatulutsila Bulaki, ng'ombe yanga, m'khola. Iwo akuti, "A Daka, sunthani, ikhale yokha." Ine ndati, "Madamu, ng'ombe iyi sijambulidwa popanda mwini wake." Ndinaima chogundana nayo, chipewa kumutu, chifuwa patsogolo.

Kompyuta siidziwa ulemu, yatiphatikiza! Chatuluka chinyama cha miyendo sikisi, chipewa chitamela pa linunda. Mawu akuti "mchila" agwela pamimba panga penipeni. Ahedi asindikiza mapepala a kalasi yonse osayang'ana, inki yathela pomwepo, ina n'kukagula mpaka ku Petauke.

AMadamu misozi ili lengelenge. Ndawalonjeza kuti mailo ndipita ndi Bulaki kusukulu, tikaime chimodzimodzi, alendowo aone kuti chinyamacho chilipodi. Mukuti bwanji ana inu, ndivale jekete?

Amai anu madzulo ano apenyetsetsa pepalalo, n'kuti, "Zaka zonsezi ndimati inu ndi ng'ombe yanu ndinu thupi limodzi, mumakana. Onani, mpaka sukulu yasindikiza."