Ndinaumitsa Munda wa Mpunga wa Amayi

Inu owerenga, munda wa mpunga wa amayi anga unauma popanda chilala. Ndinauumitsa ndine, mwana wawo wamkazi, ndi nzeru zanga zomwe.

Mundawo uli kufupi ndi Liwaladzi, ndipo unkamwa madzi a ngalande imene alimi amatsegula mosinthana, aliyense tsiku lake. Alendo odutsa pamsewu ankakonda kuima n'kumajambula amayi akuwokera mbande. Ena ankavula nsapato n'kulowa m'matope, akuseka ngati ana. Basi mtima unayamba kundiyabwa. Ndinati ndimange tinyumba m'mbali mwa munda, alendo azigona, aziwokera nafe, azidya mpunga wa pomwepo.

Oona za malo anandiuza kuti pamalo aulimi sipamangidwa nyumba za alendo. Ine kuuma mutu, ndinapondaponda ku boma mpaka akabaza onse anandidziwa dzina, kupempha kuti malowo asinthidwe akhale okopa alendo. Amayi anandifunsa kamodzi kokha ngati madzi azidzabwerabe. Ndinawayankha mwachipongwe kuti madzi sadziwa malamulo. Koma pakamwa pangapa!

Pempho litavomerezedwa ndinavina, tinyumba ndinamanga. Nthawi yowokera itakwana, ndinapita kukatsegula madzi pa tsiku lathu, n'kupeza njira yolowera kwathu yatsekedwa ndi dothi. Wapampando wa alimi, bambo amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, anandiyankha mofatsa:

"Mayi, madzi awa ndi a minda. Mwanena nokha ku boma kuti panu si munda."

Ndinagwada, ndinalira, koma sindinaphule kanthu. Tsiku lathu anali atagawana kale alimi ena. Mbande zinapserera, nthaka inang'ambika. Alendo amene anabwera anangoyang'ana, n'kufunsa kuti mpunga uja uli kuti, n'kukwera galimoto yawo. Nditapempha ku boma kuti malo abwerere ku ulimi, anandiuza kuti malo sasinthidwa ngati chitenje.

Lero tinyumba tija tikudyedwa ndi chiswe. Amayi, amene sanapemphepo mpunga kwa munthu, amakawokera m'minda ya anzawo kuti tipeze chakudya. Sanandikalipirepo n'kamodzi komwe, ndipo chimenecho n'chomwe chikundipweteka kwambiri.

Inu amene mukufuna alendo m'munda mwanu, musanapite ku boma, kafunseni kaye amene mumagawana nawo madzi, ndipo mumvere amene amalima mundawo. Ine ndinawaseka amayi anga. Tsopano m'mawa uliwonse ndimawaona akudutsa pamunda pawo, khasu paphewa, osacheuka.