Manja a Wyson

Wyson anali kalipentala wa ku Dedza, koma ku Scarborough, m'dziko la Canada, ankapanga zinthu zimene sanazikwerepo chibadwire: masikii, matabwa aatali aja amene azungu amamanga kumapazi n'kumatsetsereka nawo pa chipale chofewa. Anafika mu 1973 kutsatira mkazi wake Vainess, amene ankasamalira okalamba. Mwana wawo Zelipa anamusiya kwa agogo ake atangoleka kuyamwa. Kuti mwanayo abwere, boma linkafuna kuona kuti bambo ali pa ntchito yokhazikika, ndiye ntchito ya m'galaja la mzungu wina, Douglas, anaikakamira ngati nkhupakupa.

Gawo lake linali la m'mbali mwa masikiiwo. Ankadula timizere ta pulasitiki, kutipala mpaka titsate kupindika kwa thabwa, kutikwecha ndi sandipepa, kenako kutiwawula pamoto monga tichitira ndi nkhuku yososola, kuti guluu agwire. Akatero ankatimata mbali zonse ziwiri za thabwa n'kupana. Magolovesi sankawafuna. Ankati chala chovala sichimva mpata, ndipo mpata ndi umene umalowetsa madzi m'thabwa.

Koma kuzizira kwa ku Canada kulibe chisoni ndi khungu lakuda. Manja ake anatuwa mbuu, ndipo Vainess sakanangoyang'ana.

"Bambo a Zelipa, mukufuna ku tchalitchi azinena kuti mulibe mkazi? Winta yino si yamasewera. Bweretsani manjawo."

M'mawa uliwonse ankamudzoza mafuta, chala ndi chala. Onse awiri sankadziwa kuti mafuta ndi guluu samwerana madzi.

Masikii anayamba kubwezedwa atakanuka m'mbali. Douglas anamatula pulasitiki ina, kuiyang'ana pawindo, n'kupeza chidindo cha chala chikunyezimira.

"Wyson, lina likangobwezedwanso, uzipita," anatero.

Wyson anasiyiratu kudzola, ngakhale Lamulungu, poopa kuti mafuta angatsalire m'zikhadabo. Guluu ankadya khungu, mphepo n'kumaling'amba. Zala zinatupa, zinasuwa, zina zinkachucha magazi. Ana a eni dziko ankasangalala kumapiri ndi masikii ake, iye akulephera kumanga mabatani a malaya. Zinkamuwawa, ndipo nthawi zina ankadana ndi thabwa lililonse limene lamuyendera bwino. Pa misonkhano ya Amalawi ndi a ku Zambia anasiya kupereka moni wapamanja, anthu n'kumati Wyson wayamba matama a chizungu. Anthu ndi otero, pakamwa sipatopa. Vainess akatulutsa botolo la mafuta, iye ankangoti, "Mwana abwere kaye."

Mwana anabweradi mu 1977, ndi azakhali ake a Hilda. Ku bwalo la ndege Wyson anavala jekete la ku tchalitchi, mabatani atamumangira Vainess. Zelipa anathamangira amayi ake, poti ankawadziwa pa zithunzi.

"Awa ndi adadi ako," anatero Vainess. "Apatse moni."

Mtsikanayo anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira kumudzi. Wyson anatambasula dzanja. Zelipa analiyang'ana, n'kubweza manja ake onse kumbuyo. Anadzuka, nakabisala kuseri kwa amayi ake, nanong'ona mokweza ndithu moti bambo ake anamva.

"Amayi, awa ali ndi khate. Agogo anati oterewa tisamawagwire."