Seva Imene Inatsala Pang'ono Kudanitsa Bambo ndi Mnzawo

Chaka chimene mnzawo wa bambo anasamukira ku Lilongwe kukakhala ndi mwana wake wamkazi, bambo anasowa pogwira. Awiriwa anayamba kusewera bawo ine ndisanabadwe, masana alionse akaweruka kusoka fodya, pamthunzi wa chigafa chathu kwa Wimbe. Ine nthawiyo ndinkaphunzitsa makompyuta ku Mtunthama, ndipo sindine munthu wotha kuona vuto nʼkukhala pansi. Ndinasolola kompyuta yakale pansi pa bedi, ndinalembamo pulogalamu ya bawo, nʼkuisandutsa seva, kutanthauza makina osazimitsa amene mafoni a osewera amakumaniranapo. Wina akasuntha nkhomo pa foni yake, seva imalandira, imagawa nkhomozo mʼmaenje, kenaka imauza foni ya mnzake.

Masabata oyamba ndinkayenda mapewa ali mʼmwamba. Madoda awiri aja anayambiranso kudyerana nkhomo ndi kunyozana pa foni. Koma pakamwa panga mpamene panandipachika, chifukwa ndinauza aphunzitsi anzanga, iwo nʼkuuza anamwino a ku Boma, mpaka ogulitsa feteleza pamsika analowamo. Seva inayamba kukoka miyendo. Munthu ankadina dzenje, nʼkudikira ngati ali pamzere wa kuchigayo.

Kwa ena kuchedwako kunali kungotopetsa basi. Kwa bambo ndi mnzawo inali nkhani ina. Pa bawo lawo panali lamulo lakale: nthawi yako ikakwana, dzanja litsike pompo. Wokhala duu maso ali pa maenje ndiye kuti akuwerenga mumtima kuti aone pamene nkhomo zikathere, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuba. Pamaso ndi pamaso wowerenga amagwidwa ndi milomo. Pa foni umangoona bolodi la bawo laima.

Tsiku lina ndikutuluka mʼkalasi, mnzawo uja anandiimbira.

"Aphunzitsi, bambo anu ayamba liti kuwerenga? Zaka zonsezi sanandichitepo zoterezi. Akapitiriza ine ndisiya, ndingachimwe pakamwa."

"Si iwo ayi, bambo. Ndi makina angawa."

"Ndiye akonzenitu makinawo."

Ndinachita mantha, kunena zoona. Bambo anali atatsala ndi mnzawo mmodzi yekhayo, ndipo ine ndi nzeru zanga ndinali pafupi kuwalanda.

Kuyambira pamenepo sindinakhazikikenso. Ndinachotsa zithunzi zonse zokongola za bolodi, ngakhale kaphokoso ka nkhomo zikamagwa mʼdzenje, kamene ndinkanyadira kwambiri. Ndinapeza kuti seva inkatumiza bolodi lonse nthawi iliyonse munthu akasewera, ndiye ndinaisintha kuti izingotumiza nambala ya dzenje ladinidwalo. Kachipangizo ka intaneti ndinakachotsa pa tebulo nʼkukamangirira pawindo loyangʼana ku nsanja ya netiweki. Ndinalumikiza batire la sola kuti magetsi akathima masewera asaduke. Mʼkalasi ndinkalemba pa bolodi dzanja lina lili mʼthumba kusisita foni. Zinasinthako, koma dzuwa likafika pamutu seva inkayambanso ulesi wake, ndipo ndinafika pomakalipira ana asukulu osalakwa.

Loweruka lina masana ndinatsamira pa kompyutayo posakasaka waya, ndipo ndinalumpha. Inali yotentha ngati chiwaya. Pamwamba pake panali kansalu koluka koyera, pansi pa kansaluko chitenje chopinda pawiri chophimba mbali zonse, ndiye pamwamba penipeni kabotolo ka maluwa apulasitiki. Ndinkaziona tsiku ndi tsiku osaziona. Kwathu chinthu chamtengo chimafunditsidwa: wailesi, kanema, ngakhale fulasiki ya tiyi. Komatu kompyuta ikatentha imadzichedwetsa yokha kuti isapse. Nditaitsegula, fani yake yoiziziritsa inali itatsekeka ndi fumbi la malole a fodya odutsa pamsewu wathu.

"Mukufuna ikhale yosavala choncho alendo akabwera?" anafunsa mayi akunyumba atandipeza ndikuvula chitenje chawo.

"Alendo azipirira. Iyi imafuna mphepo."

Anatenga maluwa awo akungʼungʼudza kuti fumbi likaipha ndisadzawatchule. Kuyambira tsikulo seva inathamanga moti anamwino aja ananditumizira mauthenga ondiyamika.

Patatha masiku atatu foni ya ku Lilongwe inaliranso. "Aphunzitsi, ndi anthu ena onse zikuyenda bwino. Ndi bambo anu okha bolodi likuimabe. Ndiye mundiuzanso kuti chiyani?"

Ndinatsegula kaundula momwe seva imalemba nthawi ya kusuntha kulikonse. Seva inalibe mlandu, inkayankha mʼkuphethira kwa diso. Kuchedwa konse kunali pa foni ya bambo. Ndinakwera njinga yamoto ulendo wa kwa Wimbe, mumtima ndikutukwana netiweki yakumudzi.

Ndinawapeza pachigafa, foni ili pabondo, netiweki yodzaza. Ndinakhala pambali pawo osanena chimene ndabwerera. Nthawi yawo itakwana, maso awo anapita pa dzenje loyenera nthawi yomweyo, sanawerenge nʼkamodzi komwe. Koma chala chinkanjenjemera, chikupita uku ndi uku pamwamba pa galasi. Anagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, nʼkuutsitsa pangʼonopangʼono mpaka chala chinafika. Apo mpamene ndinaona kuti fodya yense wopachikidwa mʼchigafamo chaka chimenecho anasoka ndi mayi anga okha.

"Bambo, zayamba liti zimenezi?"

Sanandiyangʼane. "Uja wa ku Lilongwe asamve. Bola azinditcha wakuba kusiyana nʼkuti azindimvera chisoni."

Ndinawatengera kuchipatala sabata yomweyo, ndipo ndinakulitsa maenje pa foni yawo. Zinathandiza pangʼono chabe. Ndiye ine amene ndinatha miyezi iwiri ndikuthamangitsa seva, ndinakhala pansi nʼkuwonjezera mizere inayi mʼpulogalamu ija. Awiriwa akamasewera, seva imagwira kaye nkhomo za mnzawo uja, nʼkumuonetsa kabwalo kozungulira ndi mawu akuti dikirani, ngakhale iye atadina kale. Kwa ena onse imathamanga monga mwa masiku onse.

Sipanathe sabata, mnzawo uja anaimba akuseka.

"Aphunzitsi, bambo anu ndinawanamizira, ndawapepesa kale. Makina anuwa ndi achabechabe, ngakhale nkhomo zanga zomwe zikumaima panjira. Sukulu yonse ija munakaphunzirako chiyani?"

"Pepani bambo," ndinatero. "Ndikukonzabe."