Yunifolomu ya Suwilanji pa Chingwe

Suwilanji Kayange anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Chitipa atangolembedwa ntchito ya unamwino. Miyezi itatu yoyamba ankakhala kwa azakhali ake ku Area 25, n'kumakwera maminibasi awiri popita kuchipatala. Akaweruka ntchito ya usiku ankafika kunyumba dzuwa litakwera, miyendo itatupa. Sankafuna zambiri ayi, koma tulo basi.

Atapeza chipinda ku Mchesi, kongoyenda wapansi popita kuntchito, anati basi zatheka. Koma tsiku loyamba lomwelo anachapa yunifolomu yake yoyera n'kuiyanika pa chingwe cha pabwalo, pomwe onse a lendi amayanika.

M'mawa mwake atabwera ku ntchito, asanatseke n'komwe maso, chitseko chinagogodwa.

"Odi anesi!" Anali Mayi Saida, eni nyumba, atagwira mdzukulu wawo padzanja. "Tangomuonani m'khutumu. Mulungu watikumbukira, chipatala chabwera chokha pakhomo!"

Kumbuyo kwawo kunali bambo wina wotupa phazi, ndi mayi atanyamula mapiritsi opanda dzina m'kapepala.

Mpaka lero Suwilanji satha kubweza munthu. Yunifolomu amayanika m'chipinda tsopano, koma anthu anadziwa kale. Akafuna tulo tokwanira amakwera maminibasi awiri aja kupita kwa azakhali.